Patsidya Atsitsa Mtengo

Loweruka, 20 Disembala

Ndatseka. Maloko awiri, lachitatu ndabwereka kwa wa saluni woyandikana nane. Chitsegulire sitolo iyi sindinatsekepo sabata yathunthu. Potembenuza kiyi ndinamva ngati ndikutsekera mwana m'nyumba.

Adokotala akuti magazi akuthamanga, pumulani. Bambo a ana akuti pumula. Amayi pafoni akuti bwerani nonse, mwina chaka chamawa simudzandipeza. Amatero chaka chilichonse, koma ulendo uno mawu anali otsika.

Ndiye tagwirizana ndi Mzime, mng'ono wanga. Iye atseka sitolo yake patsidya pa msewu, ine nditseka yanga, tonse kwa Amayi mpaka pa 28. Palibe wodyera mnzake makasitomala. Anachita kundigwira dzanja. "Achemwali, ndalama sizitha, koma Amayi ndi amodzi." Mawu okoma. Kaya anawatola kuti.

Katundu yense wa Januwale ali m'kati. Nsapato zakuda za sukulu, kuyambira za tiana mpaka za anyamata aja a mapazi ngati mabwato. Zikwama, masokosi, polishi. Mpamba wonse uli pa mashelefu amenewo. Lendi ya sitolo, fizi ya ana anga, zonse zikudikira masabata awiri otsegulira sukulu. Ena amakolola m'munda. Ine ndimakolola mapazi a ana.

Bambo a ana tchuthi anayamba dzulo. Ali gone pa sofa, wailesi pamimba. Ku ofesi ya madzi kwawoko malipiro amabwera ngakhale munthu akuliza mkonono. Ine ndikagona, sitolo nayo imagona.

Lolemba, 22 Disembala

Kwa Amayi. Chipinda chathu chakale, bedi lomwe lija lolira ukatembenuka. Makatani atsopano, ndinagula ine. Denga lakukhitchini likudonthabe pamalo pomwe paja, beseni lili pansi pake.

Amayi aonda. Mkono ngati ndodo. Koma pakamwa mphamvu zilipo.

Mzime wafika yekha. Mwamuna wake akuti chimfine chamugwira, watsala kunyumba. Mlamu ameneyo chimfine! Munthu amene amayankhula ngakhale ali ndi mswachi m'kamwa.

Kupuma sindikudziwa kuti amapuma bwanji. Ndadzuka nthawi yotsegulira sitolo, ndasamba, ndavala, kenako ndangoima pakhonde ngati mlendo wosochera. Masana ndadzipeza ndikuyala nsapato za anthu onse pakhomo, zazing'ono kutsogolo, zazikulu kumbuyo. Ana andiseka. Bambo a ana akuti, "Uikenso mitengo."

Nditasiya ntchito ya pa tilu, yolandira ndalama m'sitolo ya eni ake, ndinkati ndathawa bwana. Lero ndaona. Bwana uja ankandipatsa tchuthi, ndikadwala ankati pitani kuchipatala. Bwana amene ndili naye pano sapereka tchuthi, samva za matenda, amagona nane bedi limodzi, amadzuka ndisanadzuke. Ndipo sindingamulembere kalata yosiya ntchito, chifukwa ndi ine ndemwe.

Komabe madzulo kunakoma. Mzime anandiluka tsitsi pakhonde, Amayi akutiuza kuti tonse tanenepa. Ndinaseka mpaka misozi.

Foni ya Mzime ikungokhala chafufumimba patebulo. Ikalira akuthamangira nayo kuseri kwa nyumba.

Lachiwiri, 23 Disembala

Njoka. Njoka yeniyeni, yolera ndekha.

Wa saluni wanditumizira chithunzi. Sitolo ya Mzime chitseko chili pululu. Mlamu wa chimfine uja ali pakhomo, wavala tayi, chimkuzamawu m'manja. Pawindo zikwangwani zachikasu: NSAPATO ZA SUKULU, THEKA LA MTENGO. Mzere wa anthu wafika mpaka pa khonde langa. Ena akhala pa sitepe yanga, atsamira chitseko changa, akudikira kukagula kwa iye.

Nsapato za sukulu! Mzime amagulitsa nsapato za amayi, zazitali zidendene, zaukwati. Ndi mmene tinapanganira. Ndinamuphunzitsa ntchitoyi zaka zitatu pa kauntala yanga. Kuyeza phazi la mwana wosakhazikika, kusiyanitsa chikopa ndi pulasitiki, kumwetulira munthu amene wayesa mapeya asanu n'kutuluka osagula. Malo a patsidyawo ndinamupezera ine. Kwa wopikulitsa ndinapita naye ndine, n'kunena kuti uyu ndi magazi anga, muzimupatsa katundu ngati mukupatsa ine.

Ndinamupeza kukhitchini akusenda mbatata. Ndinangomuikira foni pamphuno. Sanadzidzimuke n'komwe. "Achemwali, ine ndinati nditseka, ndipo ndili pano. Za iwo sindinawalankhulire."

Mpeni unali m'manja mwake, mwayi wake.

Amayi anamva phokoso, anabwera akugwira khoma. Ndinafotokoza zonse. Yankho lake: "Ndiwe wamkulu, chisamba. Mlekerere mwana, amuna ake ntchito inatha." Mwana! Mayi wa ana awiri, imvi zayamba pa chipumi. Chibadwire nyimbo ndi yomweyo. Akaswa mbale, wamkulu unali kuti. Akalira, wamkulu wamutani. Nkhuyu zodya mwana zimapota ine.

Mapiritsi ndamwa. Mutu ukugunda ngati muli wokhoma misomali.

Lachitatu, 24 Disembala

Mlamu wandiimbira yekha. Chimfine chatha, zikuoneka.

Chimuchotsereni ntchito ku kampani ya mafoni wakhala akuonera timakanema ta anthu ovala masuti ophunzitsa kulemera. Lero wandiphunzitsa ine. Akuti, "Alamu, musapse mtima, imeneyi ndi nyambo chabe. Nsapato timaluza dala. Munthu akalowa agulanso chikwama, masokosi, polishi, phindu lili pamenepo. Masitolo akuluakulu onse amatero." Akuti msika ndi waufulu. Akuti ndisatengere zinthu pamtima, bizinesi ilibe chibale.

Ndinamufunsa ngati bizinesi inalibe chibale tsiku lija ndinawabwereka mashelefu anga akale. Akuti netiweki ikuvuta.

Nyambo. Ndiye nsomba zake ndi makasitomala anga, dziwe ndi langa, mbedza anagula ndi dzina langa kwa wopikulitsa.

Masitolo akuluakulu ali ndi matumba akuya, akhoza kuluza mwezi wathunthu akuseka. Iye ali ndi chiyani? Tindalama tomwe anamupatsa pomuchotsa ntchito. Ndawerengera m'mutu: theka la mtengo wanga ndi pansi pa mtengo woodera. Peya iliyonse akugulitsa akuchita kulipira munthu kuti ainyamule.

Ndawauza Bambo a ana. Iwo ali phee, akusenda lalanje. "Ngati akuluza, musiye aluze, atopa yekha." Nzeru za munthu wa pamwezi. Akamatopa adzakhala atavalika ana onse a m'tauni. Mwana ali ndi mapazi awiri basi. Akagula kwa iye sabweranso kwa ine mpaka chaka chamawa.

Mzime ndi ine tikudutsana m'khonde ngati anthu a pa depoti. Usiku bedi limodzi ndi ana pakati.

Lachisanu, 26 Disembala

Ndili m'basi. Ndikulemba pabondo, zilembo zikuvina.

Za dzulo sindikufuna kulemba zambiri. Tebulo lodzaza, nkhuku ziwiri, Amayi avala diresi lawo labuluu. Pemphero lalitali lonena za chikondi cha pa abale, diso limodzi lili pa ine. Ndinadya mwaulemu. Kenako mwana wa Mzime, wosalakwa, anati adadi akuti chaka chamawa tigula galimoto chifukwa sitolo ya amayi aakulu itsekedwa. Supuni zonse zinaima.

Mzime anamutsina mwanayo. Akulira, iye akuti ndi zocheza za ana. Ana sapeka zotere. Amatola pansi pa tebulo zomwe akulu agwetsa.

Ndinaimirira, ndinatsuka mbale yanga, ndinakalongedza.

Bambo a ana atsala ndi ana mpaka Lamlungu. Sananditsutse. Anangondiikira mapiritsi m'chikwama, ndi botolo la madzi.

Amayi anandiperekeza mpaka pageti, pang'onopang'ono, atandikolowola mkono. Ndimayembekeza kuti anena kuti Mzime walakwa. Kamodzi kokha m'moyo. Anati, "Chibale ndi fupa, sichiwola." Ndinati fupa limatsamwitsanso. Anandiyang'ana. Basi itanyamuka ndinawaona ataimabe pageti, kamunthu kochepa m'diresi labuluu la dzulo.

Tchuthi changa choyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. Masiku ake ndi amenewa.

Loweruka, 27 Disembala

Ndatsegula. Pa sitepe makoko a nthochi, mabotolo, chingamu chomata pa loko. Anthu ake a Mlamu.

Chimkuzamawu chayamba ndisanamalize kusesa. "Theka! Theka! Kwina akuberani, bwerani kuno!" Kwina kwake kuli kuti? Msewu wonse masitolo a nsapato ndi awiri.

Mzime wabwerera nayenso. Ndamuona pawindo akupinda masokosi, mutu pansi.

Mpaka masana ndagulitsa zingwe za nsapato ndi kabotolo kamodzi ka polishi. Kenako anabwera mayi wa mapasa. Ana akewo ndawavalika kuyambira ali ku sukulu ya mkaka. Chaka china amuna awo ali m'chipatala ndinawapatsa mapeya awiri kuti adzalipire akadzapeza. Analowa, anandifunsa za Amayi, anakhazika mapasa pa benchi langa. Ndinagwada, ndinawayeza mapazi, ndinadina chala chachikulu kuona malo okulira. Atadziwa sayizi anati, "Tibweranso, tikaone kaye kwina." Anawoloka msewu ndikuona. Potuluka kumeneko anadzera kuseri kwa galimoto yoima kuti ndisaone majumbo.

Ndinagwada. Pa simenti. Kumuyezera Mlamu makasitomala.

Ndadula katoni, ndatenga cholembera chachikulu. THEKA, NDI MASOKOSI AULERE. Ndamata pawindo ndi manja anga. Zaka zonsezi sindinamatepo chikwangwani chotere. Ndinkati katundu wabwino safuula.

Wa saluni anatuluka ndi chipeso m'manja. "Asisi, mwaganiza bwino?" Sindinaganize. Ndatopa nako kuganiza bwino. Woganiza bwino ndi amene amatsala atagwada.

Lolemba, 29 Disembala

Nkhondo.

M'mawa iye wawonjeza polishi waulere. Ine ndawonjeza zingwe. Iye watsitsanso pang'ono. Ine ndafufuta, ndalemba wina pansi pa wakewo. Katoni yanga yachita kubooka ndi kufufuta.

Anthu ali pakati pa msewu ngati akuonera mpira, mutu uku, mutu uko. Wina anachita kukhala pa njinga yake akudya chinangwa chake, kudikira kuti titsitsenso. Amalowa kwa ine, "Patsidya atsitsa." Ndikatsitsa amathamangira uko, "Patsidya atsitsa." Amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Kuno udzu ukunenepa.

Koma kunena zoona magazi anathamanga mokoma. Sitolo yodzaza, makatoni akuuluka, ndalama m'thumba la epuloni mpaka kulemera. Ndinayang'ana patsidya, mzere wake wafupika, Mlamu mawu asasa. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chiyambire mwezi uno. Ndilembe, poti ndi zoona.

Kwabwera azibambo atatu, aliyense payekha, aliyense akufuna mapeya khumi, masayizi apakati omwe amayenda kwambiri. Wina akuti ndi za ana amasiye, wina akuti ali ndi akazi atatu. Sanayese, sanatsutse mtengo, sanafune ngakhale jumbo. Anangoti musachotse m'mabokosi. Ndinawathokoza. Ndinachita kuwanyamulira mpaka pakhomo kuti Mlamu aone.

Bambo a ana abwera dzulo ndi ana. Aona chikwangwani, akanda m'mutu, sananene kanthu. Kusanena kwawoko kumandipsetsa mtima kuposa kunena.

Chakudya chamasana ndaiwala. Mapiritsinso.

Lachitatu, 31 Disembala

Ndakhala pansi ndi ndalama za masiku anayiwa. Mulu waukulu, wokongola. Ndachotsa zoodera. Palibe chotsala. Ndachotsanso kachiwiri poganiza kuti ndalakwitsa. Dzenje.

Nyambo ija nsomba zadya, mbedza zasiya. Palibe wagula chikwama. Mmodzi yekha, nayenso amafuna theka. Munthu wobwera chifukwa cha theka amabwera ndi ndalama za theka, maso ake saona china. Zikwama zili lende pa misomali ngati mileme. Masokosi omwe ndinkadyerapo ndagawa ulere ngati pa maliro a munthu wolemera.

Ndiye kwabwera mwini nyumba. Chaka chonse saoneka, lero watulukira, mimba patsogolo. Waima pakhomo akuyang'ana chigulu cha anthu. "Mayi, malo anga akukuyanjanitu. Januwale tikhale pansi tikambirane za lendi." Ndinafuna kumuonetsa dzenje lija. Koma wabizinesi salira pagulu. Ukalira amati yagwa, ukaseka amati yalemera. Ndinamwetulira ngati chitsiru.

Anthu akuti chaka chatsopano, chaka chatsopano. Anzanga a pa tilu aja atumiza zithunzi ali kokasambira, alandira malipiro owonjezera aja a mwezi wa khumi ndi chitatu. Amandisirira, akuti iwe uli pawekha, palibe wokulamula. Abwere adzaone. Wondilamula ndi mwini nyumba, wopikulitsa, mvula, mayi aliyense wolowa ndi nkhope yokwinya, ndi tsopano mwamuna wa mng'ono wanga ndi chimkuzamawu chake.

Ndichotse chikwangwani? Ndikachotsa ine iye asanachotse ndiye kuti wapambana. Chikhale.

Loweruka, 3 Januwale

Mashelefu ayera. Kwatsala tating'ono kwambiri ndi zikuluzikulu zosalowa munthu. Zapakati zonse psiti.

Ndipo lero ndi pamene abwera eni ake enieni. Makolo amene amadikira malipiro, amene sanyinyirika mtengo, amene amagula nsapato, chikwama, masokosi mapeya atatu nthawi imodzi. Makasitomala anga a chaka ndi chaka. Alowa ndi ana awo, ndalama m'manja. Ine: zatha. Zatha. Pepani, zatha. Mawu amenewa ndawanena mpaka lilime kuuma. Akawoloka msewu akutulukanso chimanjamanja. Nakonso zatha. Chimkuzamawu chili zii chiyambire dzulo.

Tathamangitsana kugulitsa mbewu, mvula yagwa tilibe chodzala.

Bambo a ana anabwera kudzandithandiza, osawapempha. Kupinda jumbo sadziwa, chenji amawerenga kawiri. Bambo wina atakalipa kuti sitolo yanji yopanda nsapato, iwo anamuyankha mofatsa kuti pepani achimwene, Lachiwiri zifika. Bamboyo atapita, iwo anandifunsa, "Zifikadi?" Ndinati zifika. Kenako anatulutsa envelopu. Ndalama zomwe amasunga zokonzera denga la Amayi awo. Anaika pansi pa kauntala osandiyang'ana. Ndinafuna kukalipa, sindinapeze pogwira. Ndinalowa kuseri kwa makatoni opanda kanthu, ndinakhala kumeneko kanthawi.

Amayi aimba. Akuti Mzime sakudya, akungolira, ndimuimbire. Ine ndikudya? Alipo wafunsa?

Lolemba, 5 Januwale

Ndilembe bwinobwino kuti ndisadzaiwale.

Ndinapita kwa wopikulitsa m'mawa, ndalama zanga ndi za envelopu ija pamodzi. Nyumba yake yosungira katundu ija, mdima, fungo la guluu ndi makatoni. Anandilandira ndi manja awiri, mpando, fanta. Akuti katundu alipo koma wakwera, Januwale ndi Januwale. Wakweza ndithu, osati pang'ono. Ndinati bweretsani.

Anyamata ake anatsitsa katoni yoyamba. Ndili ndi chizolowezi, bokosi lililonse likafika m'sitolo mwanga ndimalemba kunsi kwake sayizi ndi kachizindikiro kanga ndi cholembera chofiirira. Ndinatembenuza bokosi loyamba kuti ndione ngati silinanyowe. Dzanja langa. Lachiwiri, dzanja langa. Lachitatu linali ndi kamtanda kamene Mzime amalemba, ndinamuphunzitsa ndine.

Ndinakweza maso. Pakhomo, pa lole, wakhala akumwa tiyi ndi bambo uja wa ana amasiye. Dalaivala wake. Anandipatsa moni.

Wopikulitsa sanachite ngakhale manyazi. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mayi, ine ndinakugulitsani, inu munagulitsa motchipa kuposa fakitale, ine ndinagula. Ndani waba apa? Mukadzatsitsanso mundiuze."

Nsapato zanga. Anandigulitsa, ndinamubwezera pa theka ndi masokosi aulere pamwamba, ndinamunyamulira mpaka pakhomo ndikuthokoza. Tsopano akundigulitsanso kachiwiri mokwera.

Sindinagule. Ndinalipira bokosi limodzi lokha, la kamtanda. Fanta ndinaisiya pomwepo yosatsegula.

M'basi ndimanjenjemera thupi lonse. Mayi woyandikana nane anafunsa ngati ndili ndi malungo.

Lachiwiri, 6 Januwale

Ndawoloka msewu. Wa saluni ndi makasitomala ake onse anatuluka, wina mutu uli ndi thovu.

M'sitolo mwa Mzime ngati mwadutsa dzombe. Mashelefu anga akale aja ali mbee. Pakona mulu wa zikwama zosagulidwa, zambiri kuposa zanga. Nsapato zake zaukwati zakankhidwira kumbuyo, zachita fumbi. Iye wakhala pa katoni, maso otupa. Mlamu ali pa foni, tayi palibe.

Ndinaika bokosi pa kauntala chadodolido. Ndinati werenga. Anaona kamtanda kake. Ndinamuuza kumene ndalipeza, ndi mtengo wake watsopano. Anagwira pakamwa. Akuti kwa iwo azibambo aja anabwera kanayi, Mlamu anawapatsa ndi zakumwa, anajambulitsa nawo chithunzi.

Ndinalankhula. Zonse. Za zaka zitatu pa kauntala yanga, za dzanja lomwe anandigwira, za galimoto yogula pa mtembo wa sitolo yanga, za mbale zonse zomwe anaswa ine n'kumenyedwa. Mawu ena sindingawalembe. Kenako anati, "Achemwali, mumandiuza nthawi zonse kuti munandipezera malo, munandiphunzitsa, munandibwereka. Ndimafuna chaka chimodzi chokha ndidye chomwe simunandipatse inu."

Chinandilasa. Sindinamuonetse. Ndinati wadya tsopano, wakhuta?

Mlamu anayamba, "Alamu, kuluza koyamba ndi sukulu, chofunika ndi kuti dzina lamveka." Ndinamuuza kuti dzina lake akaliphike adyetse ana.

Ndatuluka, ndang'amba chikwangwani changa. Chawo chinali chitagwa kale chokha ndi mvula.

Lachitatu, 7 Januwale

Sukulu zitsegulidwa Lolemba. Makolo akuzungulirabe, ena ayamba kukwera basi kukagula kutali. Masiku anayi. Akapita amenewa, chaka chapita.

Mzime anabwera kunyumba madzulo. Sanalowe, anaima pawaya wa zovala. Akuti kuli wopikulitsa wina ku tauni ina, mtengo wabwino, koma sagulitsa pang'ono. Zomwe watsala nazo iye sizikwana. Zanga pazokha sizikwana. Kuphatikiza zikwana, ndi za basi. Wagulitsa firiji yake kuti apeze zimenezo.

Ndinati ndiye wabwera chifukwa wasowa kolowera. Anati inde. Bola sananame.

Ndamuuza zanga. Mtengo umodzi mbali zonse ziwiri, woika ndine. Sukulu zikatsegulidwa abwerere ku zidendene zake. Chimkuzamawu ndisadzachimvenso. Ndipo mwamuna wake asayandikire ndalama zimenezi, ngakhale kuzinunkhiza. Anavomera zonse, maso ali pa zovala zanga zoyanika. Kenako anayamba kuzianula, akupinda, poti kunja kumachita mdima wa mvula. Sindinamuletse.

Kupepesa sanapepese. Ine kukhululuka sindinakhululuke. Asaganize Amayi kuti pemphero lawo lagwira. Ndi masamu chabe.

Bambo a ana akuti, "Ndiye mwagwirizana?" Ndati ayi, tikungokwera basi imodzi.

Ndikamukhulupirira n'kundiluma kachiwiri, wopusa adzakhala ndani? Ndalama za denga la apongozi zili m'menemo.

Lachinayi, 8 Januwale

M'sitolo, m'mawa. Ndalama ndamangira m'chiuno. Ndikudikira Mzime, basi inyamuka posachedwa.

Ndasuzumira pawindo. Mlamu ali patsidya ndi makwerero, chitini cha penti wofiira, burashi. Akulemba pa khoma lenileni, osati pa katoni. Zilembo zazikulu ngati mwana woimirira. Wafika pa PANO NDI POTCHIPA KUPOSA PA. Katundu sanafike n'komwe. Ndalama zanga zili m'chiuno muno, iye akundilembera pa khoma.

Ndavula nsapato imodzi. Ndikupita.

Pambuyo pake. Sindinafike. Ndili pakati pa msewu, nsapato m'manja, Mzime anatulukira pakona ndi chikwama chake cha ulendo. Anaima. Anawerenga khoma. Anaika chikwama pansi bwinobwino, anapita pa makwerero, ananyamula chitini chonse n'kukhuthulira mu ngalande. Penti anamuthovukira mpaka m'maondo. Mlamu ali pamwamba, burashi m'manja, "Amayi a ana, penti ameneyo ndi wodula!" Iye anati, "Tsikani. Makiyi." Mawu amenewo sindinawamvepo kwa iye chibadwire. Anatsika. Anapereka. Wa saluni anaomba m'manja yekha, kenako anasiya.

Wawoloka, wandidutsa, walowa m'sitolo mwanga. Mapazi ofiira pa simenti yanga yonse, kuyambira pakhomo mpaka pa kauntala. "Achemwali, tiyeni, basi itisiya."

Ndamuuza kuti palibe kopita asanakolope. Akukolopa, akulira, akutukwana chapansipansi. Chikwama chake ndanyamula ine, n'cholemera ngati muli miyala, kaya waikamo chiyani mwana ameneyu. Basi ikuliza hutala pakona.